Mwendo Wakumanzere wa Ngelaw

Achemwali anga a Ndoumbe Mbengue amagulitsa chakudya cha mahatchi pamsika wa ku Kébémer. Akhala pamalo amodzimodziwo zaka makumi atatu ndi zinayi, kuseri kwa ogulitsa zingwe, pakati pa mulu wa masangwi a mtedza ndi matumba a mchewere. Ine ndine mlongo wawo Saliou. Amandiposa ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zaka zimenezo amazinyamula ngati ndodo. Ndili ndi zidzukulu zisanu, mutu wonse mbuu ndi imvi, koma pakamwa pawo ndikadali "iwe".

Hatchi sanakwerepo chibadwire. Kumpikisano amapitako mwina kamodzi pa zaka zitatu, ati fumbi limawatsokomoletsa. Komabe kuyambira ku Louga mpaka ku Thiès, aliyense wofuna kugula hatchi ya liwiro amayamba wadzera pamasangwi awo. Safika n'kunena kuti wabwera kudzafunsa nzeru. Mwamuna wa ndevu zake angafunse bwanji mzimayi za hatchi anthu akuona? Amagula kamtolo kamodzi kamene sakukafuna n'komwe, n'kudandaula pang'ono za dzuwa, kenako n'kuti, "Paja yotuwa ya kwa uje ija munaionapo?"

Nzeruzi anazitola kwa bambo athu, amene ankayendetsa ngolo ya hatchi pakati pa siteshoni ya sitima ndi msika. Mayi atamwalira, anyamatafe tinatumizidwa kusukulu, a Ndoumbe n'kutsala pakhomo. Ndiwo ankadyetsa hatchi ya bambo, kuisambitsa ndi kuichotsa timiyala m'ziboda. Bambo anali munthu wosalankhula, choncho mwana wawo anaphunzira kuyang'ana m'malo mofunsa. Maso anatengera bambo. Pakamwa sindidziwa anatengera yani. Anakwatiwa ndi a Daour, telala wofatsa, n'kubereka ana anayi. A Daour anamwalira chaka cha dzombe chija, ndipo amuna awiri amene anayesa kudzafunsira pambuyo pake anabwerera atauzidwa zilema za mahatchi awo.

Makola onse akuno amagula kwa iwo. N'chifukwa chake amadziwa wophunzitsa mahatchi amene amadyetsa bwino, amene amachepetsa mchewere mwini hatchi akapita kutali, ndi amene wasiya mwadzidzidzi kugulira hatchi ina chakudya. Salemba paliponse. Zonse zimangokhala m'mutumo, kudikirira tsiku lodzachititsa munthu manyazi.

Ine ndinayendetsa takisi pamsewu wa Dakar ndi Louga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Msana utayamba kukana ndinasiya. M'zaka zonsezo ndinkalota chinthu chimodzi: kudzaimirira pampanda wa bwalo la mpikisano nditavala mkanjo woyera, hatchi yanga ikudutsa patsogolo, oimba zotamanda akukuwa dzina la Mbengue.

Hatchiyo ndinaiona ku Louga mwezi wa Febuluwale. Inali yaimuna, yotuwa ngati phulusa, ya zaka ziwiri, ndipo unali mpikisano wake woyamba. Dzina lake linali Ngelaw, Mphepo. Mahatchi khumi ndi awiri ananyamukira limodzi. Pokhotera poyamba Ngelaw inali kale yokhayokha kutsogolo, ndipo poyandikira pothera wokwera wake anacheuka kawiri kufunafuna anzake. Patapita masabata awiri inachitanso zomwezo ku Thiès.

Woiphunzitsa anali Gora Samb, mwamuna wamtali wa magalasi akuda, amene dzina lake limatchuka m'mabwalo onse. Mwini wake anali wamalonda wa matayala amene ankasamukira kwa ana ake kunja, ndipo ankafuna kuigulitsa msanga. Ndinakambirana naye, tinagwirizana, ndinafika kunyumba ndikuimba.

Mkazi wanga Maguette anamvetsera zonse akusankha mpunga. "Alamu mwawafunsa?"

"Ndili ndi maso anga. Ndakhala nawo zaka makumi asanu ndi limodzi."

"Ndi maso omwewo munagulira firiji ija," anatero.

M'mawa mwake ndinapita kumsika. A Ndoumbe anandisiya chiimire mpaka atagulitsa kwa anthu atatu.

"Achemwali, ndapeza hatchi."

"Inasochera?"

"Yogula. Ngelaw, ya kukhola kwa Gora Samb."

"Sendera uko, ukuponda thumba."

Ndinasendera. "Yathamanga kawiri, yapambana kawiri. Ili ndi zaka ziwiri zokha."

"Nawenso unayamba kuyenda uli ndi miyezi isanu ndi inayi, mayi n'kumaitana anthu kuti adzaone. Taona mmene ukuyendera lero." Anamanga kukamwa kwa thumba. "Udzanditenge mawa tikangotha kuswali kwa m'mawa. Gora usamuuze."

Tinafika kukhola kukungoyera. Gora anatilandira akumangirira wotchi pamkono.

"Mbengue, Mbengue. Mwadzuka ndi mtendere?"

"Mtendere wokhawokha, Samb. Kunyumba adzuka?"

Moni utatha, Gora anafuna kuti atulutse hatchi ithamange tione. A Ndoumbe anakana. "Zothamangazo ndamva kale, tauni yonse ikuimba. Ndikufuna ndiione itaima."

Analowa m'kholamo. Anatola kamtengo n'kuyamba kuswa ndowe za usiku. Ananunkhiza modyera. Anatsegula hatchiyo kukamwa n'kuyang'ana mano. Kenako anavundikira ndowa, n'kukhalapo, n'kumangoyang'ana. Ine ndi Gora tinamwa tiyi woyamba, wachiwiri, wachitatu, iwo ali chikhalire ngati akudikira sitima. Ndinkachita manyazi mpaka ndinayamba kufotokozera Gora za misewu ya ku Dakar. Pomaliza a Ndoumbe anadzuka n'kuyendetsa dzanja pamwendo uliwonse, kuyambira pabondo mpaka kuchiboda. Pamwendo wakutsogolo wakumanzere anabwereza kawiri. Anauza Gora kuti aiyendetse pang'onopang'ono, osati pamchenga koma panthaka yolimba ya kuchipata, ipite n'kubwera. Inapita n'kubwera. Ine ndinkangoona kukongola.

Gora anatilowetsa m'chipinda chochezera. Khoma lonse linali zikho zokhazokha, makumi anayi ndi chimodzi, zopukutidwa mpaka kuthobwa m'maso.

"Ichi n'cha yani?" anafunsa a Ndoumbe akuloza.

"Cha Safara. Ichinso ndi ichi."

"Safara ili kuti masiku ano?"

"Mwini wake anaitenga."

"Nanga Bidew? Nanga Gainde?"

"Mayi, ine ndimaphunzitsa mahatchi. Kumene amapita akachoka pano si nkhani yanga."

"Pa zikho zonsezi, chilipo cha hatchi ya zaka zinayi?"

Gora anaseka, n'kutsokomola pang'ono. "Amayi a masangwi, inu muzigulitsa udzu, ife tizithamangitsa. Tsobola wakale sawawa."

"Ndiye ukutsokomoleranji? Gora, ndinakuona uli wosavala ukuthamangitsa nkhuku za amayi ako. Nazonso unkazithamangitsa mpaka kuzigwetsa."

Ndinawakokera kugalimoto ndikupepesa mbali zonse. Titangotuluka pachipata ndinafunsa, "Ndiye ndigule?"

"Lolemba uli ndi chochita?"

"Ndafunsa ngati ndigule."

"Ulibe chochita, unasiya ntchito. Uthire mafuta okwanira."

Umu ndi mmene ndinakhalira masiku atatu ndikuzungulira dziko kufunafuna mahatchi a eni ake. Wamalonda uja ankandiimbira foni tsiku lililonse kuti kwabwera wina wofuna kugula. Ndikawauza a Ndoumbe ankangoti, "Akagule."

Safara tinaipeza ku Mékhé ikukoka ngolo ya migolo ya madzi. Ndinaiona ikupambana zaka zitatu zapitazo, anthu akuponya zipewa m'mwamba, koma tsiku limenelo ndikanaidutsa osaizindikira. Kuseri kwa miyendo yakutsogolo mitsempha inali itatupa ngati chinangwa. Woyendetsa ngoloyo anati kukazizira m'mawa imakana kudzuka. A Ndoumbe anandiuza kuti ndigwade ndikhudze. Ndinati ndaona. Anati kuona si kukhudza. Ndinagwada pakati pamsika, m'matope a madzi otayikira, ndi mkanjo wochapa dzulo lake, azimayi ogulitsa anyezi akundiyang'ana.

Bidew inali itafa. Mwini wake, mphunzitsi wopuma wa kumudzi wina kupitirira Louga, anatiuza kuti inathyoka mwendo poyeserera m'mawa ili ndi zaka zitatu. Anatitulutsira chithunzi chake m'chikwama cha mapepala. Ine ndinkayembekezera kuti atukwana Gora, koma anati, "Mnyamata uja anandipatsa zikho zitatu m'chaka chimodzi. Ndani wina akanatero? Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamupatsanso ina." Ndinayang'ana a Ndoumbe. Iwo ankayang'ana mbuzi za panja.

Ulendo wachitatu unali wa ku Dahra, ndipo tayala linatiphulikira dzuwa lili paliwombo. Ndinalisintha ndekha ndi msana wanga womwewu, iwo atakhala pamthunzi akundiuza kuti ndikumanga molakwika. Titafika tinapeza Gainde ili bwinobwino. Inali yonenepa, khungu lonyezimira, miyendo yosalala ngati misi, zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ikupikisanabe. Mwini wake ankaisisita ngati mwana.

Ndinacheukira kwa a Ndoumbe. "Nanga iyi, achemwali? Si ya Gora yemweyo iyi?"

"Ukagwetsa mazira khumi pansi, limodzi limapulumuka. Ukufuna tiyamike wogwetsayo?"

Pobwerera tinaima pansi pa mtengo kuti tidye buledi ndi nyama yowotcha. Ndinali nditatopa kwambiri. Iwo ndiwo anayamba.

"Gula."

Ndinasiya kutafuna. "Masiku atatu onsewa, mafuta onsewa, kuti mundiuze zimene ndinanena ine poyamba?"

"Ndati gula. Koma tsiku lomwelo uichotse kwa Gora, ndipo isathamange mpaka chaka chamawa ngati lero. Chifuwa chake n'chachikulu, mtima ili nawo, imadya n'kumaliza. Koma mafupa sanakhwime, ndipo mwendo wakumanzere uja wayamba kudandaula. Gora amathamangitsa ana ngati akuluakulu, m'mawa ndi madzulo, ndipo mwendo ukatentha amaubaya jakisoni kuti ukhale chete. Sindikuti ntchito saidziwa. Kupambanitsa mwana amadziwa kuposa aliyense. Kukalambitsa hatchi ndiko sadziwa."

"Achemwali, mpikisano waukulu wa mahatchi a zaka ziwiri watsala masabata asanu. Aliyense akudziwa kuti chikhocho n'cha Ngelaw. Chikho cha ana chimabwera kamodzi pamoyo wa hatchi."

"Mwendonso," anatero, n'kutenga nyama yomaliza.

Hatchi ndinagula. Ndipo ndinachita zimene mwamuna aliyense wanzeru akanachita: ndinawauza a Ndoumbe kuti ndikufunafuna khola lina labwino, Gora n'kumuuza kuti apitirize kuikonzekeretsa. Masabata asanu okha. Ikangotenga chikho ndidzaichotsa, aliyense n'kukondwa. Maguette anati, "Mukubisa njovu kuseri kwa chitseko cha alamu." Ndinamuuza kuti za mahatchi azisiyira amuna.

Ndinaiwala kuti Gora amagula mchewere kwa yani. Sabata yachiwiri ngolo yake inapita kumsika kukatenga matumba, ndipo woyendetsa ngoloyo ananena yekha kuti limodzi ndi lowonjezera la Ngelaw. Hatchi yopuma sidya chomwecho. A Ndoumbe sanandiimbire foni, sanandiitanitse. Anadikira Lachisanu.

Tinali titangotuluka mumzikiti, ndikufunafuna nsapato zanga pamulu wa pakhomo, Gora ali pambali panga, pamene ndinamva anthu akhala chete. Ndinadzutsa mutu. Pakati pamsewu pankadutsa achemwali anga, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, duku lili neng'a, dzanja limodzi atagwira m'mphepete mwa mkanjo kuti usakhudze fumbi, linalo atagwira chingwe. Kumapeto kwa chingwecho kunali Ngelaw, ikuwatsatira ngati nkhosa. Anali atapita kukhola nthawi imene amuna onse anali kumzikiti, n'kuuza mkazi wa Gora kuti mwini hatchi wawatuma. Mkaziyo anatsegula. Ndani ku Kébémer angawatsekere chitseko a Ndoumbe?

Podutsa anatipatsa moni. "Mbengue. Samb. Mulungu alandire mapemphero anu." Sanaime.

Tinawatsatira mpaka kwawo, ine nditavala nsapato imodzi yanga ina ya munthu wina, Gora, ndi theka la mzikiti. Hatchi anali ataimanga kale pamtengo wa pabwalo, ikudya masangwi.

"Uku n'kuba," anatero Gora. "Masana dzuwa likuswa mtengo, tsiku Lachisanu."

"Ndaba kwa yani? Mwini wake ndi uyu, ndinamubereka kumsana. Saliou, bwera kuno. Ika dzanja apa."

"Achemwali, anthu akuona."

"Aone. Ika."

Ndinagwada n'kuika dzanja pamwendo wakumanzere, pansi pa bondo.

"Tsopano ika pa unzakewo. Ukumva chiyani?"

Ndinene zoona: ndinkamva mwendo wa hatchi. Unali wofunda, inde, koma unali mwezi wa Epulo masana, ngakhale mpando ukanaukhudza unali wofunda. Ndinabwereza uku ndi uku. Anthu onse ankadikira ine.

"Mwina wakumanzerewu," ndinatero.

"Mwamva," anatero a Ndoumbe.

"Ndati mwina."

Gora anavula magalasi ake, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. "Mbengue, ndiuzeni pamaso pa anthuwa. Hatchiyi ndi yanu kapena ndi ya achemwali anu?"

Yankho ndinali nalo. Linali pakamwa penipeni. Koma ndinakumbukira miyendo ya Safara, kenako ndinayang'ana nkhope ya a Ndoumbe, ndipo sindidziwa kuti pa ziwirizi chinandimanga lilime n'chiti. Gora anavalanso magalasi n'kutuluka. Anthu anamwazikana akuseka chamumtima.

M'mawa mwake ndinabweretsa dokotala wa ziweto, poganiza kuti munthu wa sukulu athetsa nkhaniyi. Anakhudza, anapinda mwendo, anaiyendetsa, n'kupukuta m'manja. "Kutupa kwenikweni sindikukuona," anatero. "Komanso sindinganene kuti palibiretu kanthu. Kupuma sikunapheko hatchi." Ndinamuperekeza mpaka kuchipata ndikudzifunsa kuti kusukuluko anakaphunzirako chiyani.

Tsiku la mpikisano waukulu ndinapita ku Thiès, ngakhale Maguette anandiletsa. Chikho chinatengedwa ndi Sopi, hatchi inanso ya kukhola kwa Gora, imene Ngelaw inkaisiya kutali m'mawa uliwonse poyeserera. Mwini wake anaimirira pampanda atavala mkanjo woyera. Oimba zotamanda anamuzungulira. Ndinabwerera osadya.

Pabenchi pamene timamwera tiyi ndi anzanga, nkhaniyi inakhala ndiwo kwa miyezi. Ndikangofika wina ankati, "Mbengue, chilolezo chokhala pano mwatenga kwa achemwali?" Wina n'kuti, "Msiyeni, angadzamutenge pachingwe." Ndinasiya kupitako milungu itatu, koma kunyumba kunalinso Maguette.

A Ndoumbe anapereka Ngelaw kwa a Mademba Lô, mkulu wina wa kufupi ndi nyanja amene ankasunga mahatchi atatu okha. Sanandifunse. Anangondiuza njira yopitira. A Mademba ankachita zonse pang'onopang'ono, ngakhale kuyankha moni. M'mawa uliwonse ankaiyendetsa pamilu ya mchenga, madzulo n'kuilowetsa m'madzi mpaka m'mabondo. Ndikafunsa kuti iyamba liti kuthamanga ankati, "Idzanena yokha." Inanenepa mpaka ndinayamba kukayikira ngati ndi yaimunadi.

Chaka chitatha inabwerera kubwalo. Mpikisano woyamba inakhala yachinayi. Wachiwiri yachitatu. Wachitatu yachisanu. Inkathamanga bwino, mwaulemu, ngati munthu wopita kuntchito imene waizolowera. Kuuluka kuja, kumene kunachititsa wokwera kucheuka kufunafuna anzake, sindinakuonenso. Gora ankauza aliyense kuti amayi a masangwi anatenga mphepo n'kuiphunzitsa kugona. Ndikawafikitsira mawuwa a Ndoumbe ankati, "Miyendo ili nayo ingati?"

"Inayi."

"Ndiye ukufunanji?"

Ndinkafuna chikho. Ndikuchifunabe.

Ngelaw inapambana koyamba m'manja mwanga ili ndi zaka zinayi, pampikisano waung'ono wa tsiku la chikondwerero cha mudzi wina. Oimba zotamanda analipo awiri, mmodzi wopanda mano, koma dzina la Mbengue analitchula, ndipo ndinalira misozi pamaso pa anthu. Inapikisana mpaka zaka zisanu ndi zinayi, n'kupambana kasanu ndi kamodzi, konse m'mipikisano ing'onoing'ono. Sinadwalepo mwendo ngakhale tsiku limodzi. A Ndoumbe amati umenewo ndi umboni wakuti anaipulumutsa. Gora amati ndi umboni wakuti sinkadwala n'kale. Sopi inapambananso kawiri kenako inasowa m'mabwalo. A Ndoumbe anafufuza n'kudziwa kumene ili, n'kunena kuti ndiwatengereko tikaione. Ndinakana. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinawakanirapo n'kupambana, mwina chifukwa tsikulo mabondo ankawapweteka.

Zikho za Gora zapitirira makumi asanu ndi limodzi tsopano, ndipo anthu akumupatsabe mahatchi awo aang'ono. Mchewere akugulabe kwa a Ndoumbe, chifukwa wawo sukhala ndi mchenga. Ngelaw ili kuseri kwa nyumba yanga, yayera mbee ndi ukalamba, ndipo imadya kuposa ine.

Chaka chatha a Ndoumbe anakomoka pamsika, pakati pa matumba awo. Anali matenda a shuga, amene anakhala nawo nthawi yaitali osauza munthu. Tinawatengera kuchipatala ku Louga. Masiku awiri oyamba sankalankhula, ndipo ndinachita mantha amene sindinachitepo chimwalirire mayi. Ndinkakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana dzanja lawo, lolimba ngati chikopa, lili ndi singano ya diripi. Ndinkapempha Mulungu kuti angotsegula pakamwa, anditukwane mmene angafunire. Tsiku lachitatu anatsegula maso n'kunena kuti ndakhala pa nsalu yawo.

Tsiku lachisanu, nthawi yoona odwala, pakhomo panatulukira Gora Samb, nayenso imvi zitayamba, atanyamula jumbo ya malalanje. Anavula nsapato ngati akulowa kwa apongozi.

"Mbengue, Mbengue. Thupi likuti bwanji, mayi?"

"Tikuyamika, Samb. Khala apo. Saliou, dzuka, mlendo akhale."

Ndinadzuka. Anacheza bwinobwino za mvula, za mtengo wa mtedza, za ana. Gora anawasendera lalanje. Ndinayamba kuganiza kuti matenda ali ndi ubwino wake. Kenako Gora anapukuta zala n'kuti, "Mayi, takalamba tonse, tisapite nazo kumanda. Tsiku lija mwendo uja unalibe kanthu. Vomerani."

"Ndiye kabotolo ndinakapeza kuseri kwa modyera kaja kanali ka chifuwa chako?"

Ine ndinali ndisanamvepo za kabotolo. Zaka zonsezi, sanandiuzepo.

"Kanali ka hatchi ina," anatero Gora.

"M'khola la Ngelaw?"

"Makola amasinthana, mayi. Inu mumadziwa masangwi, za mankhwala zisiyeni."

"Saliou, ndidzutse."

"Achemwali, muli pa diripi."

"Ndati ndidzutse, ndimuuze mwana uyu ali kundiona bwino."

Anadzuka okha. Botolo la diripi linayamba kugwedezeka pamtengo wake. Gora anaimirira n'kuyamba kuwerenga zikho zake ndi zala, iwo akuyankha chikho chilichonse ndi dzina la hatchi yolumala. Odwala a m'mabedi ena anadzuka kukhala tsonga. Mayi wina wa bandeji kumutu anayamba kuthandizira a Ndoumbe, ngakhale sindikhulupirira kuti ankadziwa nkhani yake.

Namwino analowa akuthamanga. Anayang'ana mayi wodwala, anayang'ana mwamuna wamtali wa magalasi akuda amene anabweretsa malalanje, kenako anayang'ana ine, amene ndinali nditatsamira khoma osatulutsa liwu ngakhale limodzi.

"Bambo inu, tulukani. Mukuwatopetsa odwala."

"Ine sindinalankhule."

"Ameneyu ndiye anayambitsa zonse," anatero a Ndoumbe. "Anagula hatchi."

Ndinakakhala pabenchi ya panja, pansi pa windo. Ndinkawamvabe. Anali atafika pa Safara, ndipo mawu a achemwali anali atabwerera mphamvu zake zonse. Anatuluka m'chipatala Lachinayi. Dokotala anati apume mwezi wathunthu, ndipo ndinawabwerezera mawuwo kawiri m'galimoto. Loweruka m'mawa anali pamsika.